Lipoti la nkhani: woperekera zakumwa amene anakana kupatsa vinyo mayi woyembekezera

Ndine mzamba, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kupereka uphungu kwa amayi oyembekezera amene ali ndi vuto la mowa. Lipoti ili ndalembera azamba ndi anamwino anzanga, komanso eni mabala ndi malesitilanti, chifukwa funso lomwe lili m'nkhaniyi limatipeza tonse. Maina sinditchula. Zina zomwe zikanachititsa kuti anthu azindikirike ndazisintha, ndipo onse okhudzidwa anavomera kuti ndilembe.

Mwini lesitilanti ina yomwe ili ndi bala mkati mwake anandiitana atalandira kalata ya dandaulo. Anali ataimitsa kale ntchito mnyamata wina woperekera zakumwa, ndipo ankafuna kumva maganizo a munthu wa zachipatala asanagamule zomuchotsa kapena kumubwezera pa ntchito. Funso lake linali lalifupi: "Amayi, mnyamatayu analakwa kapena anachita bwino? Chifukwa theka la antchito anga likuti ndi ngwazi, theka lina likuti watichititsa manyazi."

Zomwe zinachitika

Mayi wina wa pakati pa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri anabwera madzulo ndi mwamuna wake ndi anzawo angapo. Aliyense anaitanitsa chakumwa chake. Mayiyo anapempha tambula yaing'ono ya vinyo wofiira. Mnyamatayo analemba za ena onse, kenaka anaima, n'kunena ndi mawu oti tebulo lonse ndi la pafupi linamva: "Pepani mayi, ndi mmene mulilimu, ine mowa sindingakupatseni." Mwamuna wa mayiyo anafunsa kuti, "Achimwene, mimbayi ndi yanu?" Mnyamatayo anabwereza mawu omwewo. Mayiyo sanayankhe kanthu. Anatenga chikwama chake n'kutuluka, ndipo anzake anamutsatira.

M'kalata yake analemba kuti kuyambira tsiku limene anadziwa kuti ndi woyembekezera sanalawepo mowa, kuti anali atakambirana za nkhaniyi ndi dokotala wake, ndipo kuti usiku umenewo anasankha yekha kumwa theka la tambula. Chomwe chinamupweteka si vinyoyo ayi. Analemba kuti anthu a pa matebulo ena anatembenuka n'kuyang'ana mimba yake, osati nkhope yake, ndipo anadzimva ngati wagwidwa akuba.

Nditakhala pansi ndi mnyamatayo, ndinapeza munthu waulemu, wa zaka za m'ma 20, amene sanali kufuna kunyoza aliyense. Anandiuza za msuweni wake amene anakulira naye nyumba imodzi, mwana wa azakhali ake omwe ankamwa kwambiri. Mwanayo ukamutuma zinthu ziwiri ankabwera ndi chimodzi, kapena osabwera n'komwe. Zomwe waphunzira Lolemba, pofika Lachitatu zinali zitafufutika. Ankapusitsidwa ndi anzake mosavuta, ndipo ankakwapulidwa kawirikawiri pomuganizira kuti ndi wamwano. "Nditaona mayi aja, amayi, ndinaona msuweni wanga," anatero. Ine sindinamuyeze msuweniyo, choncho sindinganene chomwe chinamuvuta. Koma zomwe mnyamatayu anafotokoza ndi zomwe makolo olera ana okhudzidwa ndi mowa amandifotokozera, ndipo mantha ake ndinawamvetsa.

Pa za mowawo, mnyamatayu sananame

Izi ndinamuuza mwini malo poyamba penipeni, kuti asaganize kuti ndabwera kudzachepetsa nkhaniyi. Mowa umadutsa nsengwa popanda chotchinga. Pakapita ola limodzi kapena awiri mayi atamwa, mlingo wa mowa m'magazi a mwana umakhala utayandikira wa mayi wake. Chiwindi cha mwana wosabadwa sichinakhwime moti n'kuphwanya mowa, ndiye amadalira thupi la mayi kuti liuchotse. Wina umatulukira m'madzi amene mwanayo amakhalamo, iye n'kuumezanso. Mowa umapha maselo a ubongo amene akungopangika kumene, ndipo ena umawasokoneza njira pamene akusamukira pamalo pomwe ayenera kukakhazikika. Umawonjezera chiopsezo chopita padera, chobereka mwana masiku asanakwane, ndi chobereka mwana wakufa kale.

Madokotala anachedwa kulizindikira vutoli. Mu 1968 dokotala wa ana Paul Lemoine wa ku Nantes, m'dziko la France, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo omwa mowa kwambiri, ana ofanana nkhope ngakhale sanali pachibale, koma anthu ochepa okha ndi amene anamumvera. Mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle, m'dziko la America, analemba zofananazo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo dzina lomwe anapatsa vutoli, fetal alcohol syndrome, ndi lomwe likugwirabe ntchito. Zizindikiro za pankhope ndi zitatu: maso aafupi m'litali, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndi kusalala kwa kangalande kamene kamakhala pakati pa mphuno ndi mlomo. Koma ana ambiri okhudzidwa alibe zizindikiro zimenezi. Nkhope ili bwinobwino, vuto lili mu ubongo, ndipo limadzaonekera mwana akayamba sukulu. N'chifukwa chake masiku ano timakamba za gulu lonse la mavutowa, lotchedwa FASD.

Kafukufuku wa Svetlana Popova ndi anzake wa mu 2017 anayerekeza kuti pa dziko lonse mayi mmodzi pa amayi 10 aliwonse amamwa mowa ali woyembekezera, ndipo ana pafupifupi 119,000 amabadwa chaka chilichonse ali ndi fetal alcohol syndrome. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anayerekeza kuti FASD imakhudza ana pafupifupi 8 pa 1,000 aliwonse pa dziko lonse, pomwe ku South Africa chiwerengerocho chinafika 111 pa 1,000. Palibe mlingo wa mowa umene unatsimikizika kuti ndi wosavulaza mwana wosabadwa. Ofufuza a ku Bristol, ku England, atasanthula mu 2017 kafukufuku yense wokhudza kumwa pang'ono, anapeza kuti umboni wake ndi wochepa kwambiri, ngakhale panali kachizindikiro koti mwana akhoza kubadwa wochepa thupi. Malangizo a akuluakulu a zaumoyo ku Britain a mu 2016 amati njira yabwino koposa ndi kusamwa konse, ndipo ine mayi aliyense wobwera kusikelo ndimamuuza zomwezo, mosapsatira. Mayi wa dandauloyu akanandifunsa, ndikanamuuza kuti vinyoyo amusiye.

Koma iye sanafunse ine, ndipo sanafunse mnyamatayo.

Mayi wachiwiri

Gawo ili mwini malo sanali kulidziwa, ndipo ndi limene linasintha nkhani yonse. Pocheza ndi antchito mmodzimmodzi, mtsikana wina wa pa kauntala anandipempha kuti titseke chitseko. Anandiuza za kasitomala wina wa masiku onse, mayi wa zaka za m'ma 30, amene amabwera yekha akaweruka kuntchito, n'kukhala kumapeto kwa kauntala. Amamwa mowa waukali, matambula angapo motsatizana, ndipo salankhula zambiri. Milungu ingapo m'mbuyomo mayiyu anaulula kwa mtsikanayo kuti ali ndi pakati pa miyezi itatu, n'kumupempha kuti asauze munthu. Mimba inali isanaoneke. Mnyamata yemwe uja, amene anakana kupereka theka la tambula ya vinyo, anali akumuthirira mayi ameneyu mowa waukali mosadziwa, mwina ngakhale sabata yomweyo.

Ndinafunsa mtsikanayo chomwe amaona mayiyo akangofika. Anandionetsa ndi manja ake: tambula yoyamba amaigwira ndi manja awiri, chifukwa dzanja limodzi limanjenjemera moti mowa umatayikira. Akamaliza yachiwiri, kunjenjemera kumatha.

Apa m'pamene pali yankho langa pa funso la mwini malo. Diso la woperekera zakumwa limaona mimba yaikulu, ndipo mimba imaoneka mochedwa. M'mera mpoyamba: nkhope ya mwana imayamba kuumbika m'masabata oyambirira chitengereni pakati, mtima ndi ziwalo zina zikuluzikulu zimapangika m'masabata asanu ndi atatu oyamba, nthawi yomwe amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Bungwe la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu ndi uchembere, linanena mu 2022 kuti pafupifupi theka la mimba zonse pa dziko, zokwana 121 miliyoni pa chaka, zimabwera mosakonzekera. Ubongo umakulabe mpaka tsiku lobadwa, ndiye sindikunena kuti miyezi yomaliza mowa ulibe vuto. Ndikunena kuti lamulo loti "mukaona mimba musagulitse" limagwira mayi amene waonekera, n'kusiya amene ali pa chiopsezo chachikulu. Ndipo kuti ligwire onse, pafunika kuti mkazi aliyense wa msinkhu wobereka azifunsidwa pa kauntala ngati anasamba mwezi uno. Palibe amene angavomere zimenezo, ndipo sayenera kuvomera.

Disolo limanamizanso. Pali amayi amene anabereka masabata apitawo mimba isanabwerere, ena ali ndi zotupa za m'chiberekero, ena ndi thupi lawo chabe. Pali amene mwana anafera m'mimba ndipo akudikira tsiku lopita kuchipatala. Mawu oti "ndi mmene mulilimu" akagwera pa mayi wotere, bala lake silipola msanga.

Nanga mayi wachiwiriyu, amene tikudziwa ndithu kuti ndi woyembekezera ndipo akumwa moopsa, bwanji osangomukaniza? Funsoli ndinalimbana nalo kwambiri, chifukwa tambula iliyonse imene akumwa ikumufika mwanayo, ndipo zimenezo zimandipweteka. Koma kunjenjemera kwa manja kuja ndi chizindikiro choti thupi lake linazolowera mowa moti silingathe kukhala popanda. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ngati wakhunyu, kusokonezeka mutu, ngakhale kufa, ndipo kwa woyembekezera ngoziyo ndi ya anthu awiri. Malangizo a World Health Organization a mu 2014 amati mayi woyembekezera wodalira mowa asiyitsidwe moyang'aniridwa ndi achipatala, pogwiritsa ntchito mankhwala oyenera, ndipo ngati n'kotheka agonekedwe. Kumukaniza pa kauntala sikumusiyitsa mowa. Adzagula botolo kwina n'kukamwera kuchipinda kwake, kumene kulibe woona manja ake, ndipo munthu mmodzi yekha amene anamuululira chinsinsi adzakhala atamutaya.

Manyazi ndi amene amatilanda odwala athu. Amayi omwa mowa amachedwa kuyamba sikelo, ndipo akabwera amabisa, poopa kudzudzulidwa kapena kulandidwa mwana. Sarah Roberts ndi anzake a pa University of California ku San Francisco anasanthula malamulo a zigawo za dziko la America ndi kaundula wa ana obadwa kwa zaka zoposa 40. Anapeza kuti kumene kunakhazikitsidwa malamulo otenga kumwa mowa uli woyembekezera ngati kuzunza mwana, amayi ankapita kusikelo mochepa, ndipo ana obadwa ochepa thupi kapena masiku asanakwane ankachuluka. Chodabwitsa n'choti ngakhale lamulo lokakamiza kupachika zikwangwani zochenjeza m'malo ogulitsira mowa linayenderana ndi zotsatira zoipa zomwezo. Kuyenderana si umboni wokwanira woti ichi chinabala icho, koma n'kokwanira kundichenjeza kuti chilichonse chochititsa mayi manyazi pagulu ndichisamale nacho.

Mmene malamulo a kwina anaionera nkhaniyi

Mwini malo ndinamulangiza kuti za malamulo a kumene iye ali akafunse loya. Chomwe ndinamuonetsa ndi njira imene maiko ena anatsata. Maboma ambiri anasankha kuchenjeza, osati kuletsa. Ku America mkulu wa zaumoyo, Surgeon General, anapereka chenjezo mu 1981, ndipo lamulo la mu 1988 linalamula kuti chenjezo lilembedwe pa botolo lililonse. France inayamba mu 2007, ndipo ambiri amadziwa kachithunzi ka mayi woyembekezera kodulidwa ndi mzere. Australia ndi New Zealand anayamba kukakamiza chenjezo lotere mu 2023.

Pa za kukaniza, nkhani ngati yathuyi inachitikapo mu 1991 pafupi ndi Seattle, pomwe operekera zakumwa awiri anachotsedwa ntchito atayesa kuletsa mayi woyembekezera kumwa, ndipo anthu anatsutsana kwambiri m'manyuzipepala. Mu 2016 bungwe loona za ufulu wa anthu mu mzinda wa New York linanena momveka kuti kukana kugulitsa mowa kwa mayi chifukwa choti ndi woyembekezera ndi tsankho. Ku Britain lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa wopereka chithandizo kapena wogulitsa malonda kusala mayi chifukwa cha pakati. Mu December 2014 khoti la apilo ku England linagamula mlandu wa mtsikana wa zaka 7 amene anavulazidwa ndi mowa womwe mayi ake ankamwa, ndipo linati mayiyo sanapalamule mlandu pa lamulo lomwe ankamuneneralo. Koma lamulo la Licensing Act la mu 2003 ku England ndi Wales limati kugulitsa mowa kwa munthu amene waledzera kale ndi mlandu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Mzere umenewu ndi umene woperekera zakumwa angauone ndi maso ake n'kuutsata mwachilungamo.

Zomwe tinachita

Kwa mayi wachiwiri tinayenda mosamala. Sindinapite kukamupeza pa kauntala, chifukwa akanadziwa kuti chinsinsi chake chatuluka. Ndinakhala ndi mtsikana uja n'kukonza naye mawu oti akalankhule, pa nthawi yomwe pa bala palibe anthu ndiponso mayiyo asanayambe kumwa. Anamuuza kuti: "Achemwali, zimene munandiuza zija zikundisowetsa tulo. Sindikukuweruzani. Ndinafunsa mzamba wina osatchula dzina lanu, ndipo akuti musasiye nokha mwadzidzidzi, pali njira yake kuchipatala. Nambala yake ndi iyi." Anamupatsa kapepala kopinda. Mayiyo anakwiya, n'kusowa masiku angapo. Kenaka anandiimbira foni.

Mafunso anayi a T-ACE, omwe timagwiritsa ntchito pofufuza kamwedwe ka amayi oyembekezera, anasonyeza chiopsezo chachikulu. Anavomera kugonekedwa, anasiyitsidwa mowa moyang'aniridwa ndi dokotala, analandira mavitamini a thiamine ndi folic acid, ndipo anayamba sikelo, yomwe anali asanapondeko. Anabwererapo ku mowa kamodzi, ndipo anabwera yekha kudzandiuza. Ndinamuuza zoona: zomwe zinachitika m'masabata oyamba sitingazibweze, koma sabata iliyonse yopanda mowa kuyambira pano ndi phindu ku ubongo wa mwanayo. Mbiri ya kamwedwe kake tinailemba m'buku lake la kuchipatala iye atavomera, chifukwa mwanayo akadzavutika kusukulu, umboni umenewu ndi umene udzathandize kuti apezedwe vuto lake lenileni m'malo mongotchedwa wamwano.

Kwa mayi woyamba, mwini malo analemba kalata yopepesa, yosadzikhululukira. Mnyamatayo anapempha kuti awonjezere mzere wake m'kalatamo, ndipo analemba kuti analakwa poyankhula za thupi la mayiyo pamaso pa anthu. Ndinalangiza kuti asachotsedwe ntchito. Palibe amene anamuphunzitsapo chochita pa nkhani yotere, ndipo vuto la kusowa kwa malangizo ndi la mwini malo. Anabwerera pa ntchito.

Malangizo omwe tinalembera antchito ndi aafupi. Munthu wamkulu amene sanaledzere amapatsidwa chomwe waitanitsa, ndipo za thupi lake sizikambidwa. Woledzera sapatsidwa, aliyense. Wina akakana mowa, asakakamizidwe, ndipo antchito asathandize anzake kumukakamiza. Mfundo imeneyi ndinaiumirira, chifukwa amayi ambiri m'miyezi yoyamba amakhala asanauze anthu, ndipo amamwa pofuna kuti anzawo asawafunse mafunso. Pa chifukwa chomwecho zakumwa zopanda mowa zilembedwe pa mndandanda umodzi ndi zinazo, ziperekedwe m'matambula ofanana, ndipo kasitomala akanong'oneza kuti "yanga ikhale yopanda mowa", zimenezo zithere pa kauntala pomwepo. Kasitomala akaulula yekha kuti ndi woyembekezera n'kufunsa maganizo, wantchito anene zoona, kuti achipatala amalangiza kusamwa konse, ndipo apereke nambala ya kuchipatala.

Mfundo imodzi sitinagwirizane. Mnyamatayo anapempha kuti zikadzachitikanso aziloledwa kupereka oda imeneyo kwa mnzake mwakachetechete, chifukwa dzanja lake silingathe kunyamula tambulayo. Mwini malo anakana poyamba, akuti aliyense akayamba kusankha makasitomala ntchito siyenda. Ine ndinaona kuti pempholo ndi lomveka, malinga mayiyo asazindikire kanthu ndipo asadikire nthawi yaitali kuposa ena. Tinamvana kuti ayese kwa miyezi itatu, woyang'anira shifiti azilemba nthawi iliyonse yomwe zachitika, ndipo pakadzapezeka kasitomala mmodzi yekha wodandaula kuti anazindikira, chilolezocho chidzachotsedwa.